Phazi la Amayi Linadikira Amalume

Amayi anga anali ouma mutu pa nkhani ya nsapato. Kudimba ankapita nazo zili m'manja, ati zingathe msanga. Shuga atawagwira, chitsa cha chimanga chinawabaya chala chachikulu iwo osamva n'komwe, ndipo mmene tinkazindikira n'kuti chalacho chitada bii.

Ine ndi atate tinawatengera kuchipatala ku Katete kuchoka kwathu kufupi ndi Sinda. Kunali dokotala mlendo amene anabwera ndi makina a sikani. Ine sikani ndinkaidziwa ya azimayi oyembekezera, ndiye ndinawaseka amayi kuti mwina tipezamo mng'ono wanga. Anangonditsonya.

Namwino anawabaya jakisoni pamkono. Anatiuza kuti m'mankhwalawo muli tithovu tosaoneka ndi maso, timene timayenda ndi magazi mpaka m'timitsempha tochepa kuposa tsitsi, ndipo pomwe magazi akufika pamawala pagalasi la makinawo. Dokotala anapaka mwendo mafuta oterera n'kumayendetsapo kachipangizo kake. Pakatumba panawala. Pa akakolo panawala mozilala. Kutsogolo kwa phazi kunali mdima wa ndiwe yani. Ndinayang'anitsitsa poganiza kuti magazi angochedwa, koma sanafike.

"Akuti tikadula hafu ya phazi manje-manje, chidendene chizasala, muzayenda," anatero namwino. "Mukachedwa vizakwera."

Atate anavula chipewa n'kumachipotokola. "Ine ndine mkamwini chabe," anatero. "Eni ake a munthuyu ndi alongo ake."

Kwathu zili choncho. Mwamuna angakhale ndi mkazi mpaka imvi, koma zikafika pa mpeni kapena maliro, woyankha ndi mwini mbumba. Atate akanavomera okha, amayi n'kutsikira kuli chete, akanatchedwa mfiti mpaka kufa. Amalumewo anali atadutsa ku Vubwi kulowera ku Mozambiki kukagula mbuzi, foni yawo yosagwira.

Ndinalusa. Ndinalalatira atate pamaso pa anthu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Koma amayi eni akewo ndiwo anandidula pakamwa.

"Achimwene asanamve, mpeni usandikhudze. Wamva iwe?"

Tinatumiza uthenga kudzera mwa ochita malonda a kumalire, n'kukhala pansi kudikira. Kudako kunadutsa akakolo ife tikuona. Fungo linayamba, odwala anzawo n'kumatembenukira kukhoma. Amayi, munthu waukhondo uja, ankandipempha monong'ona kuti ndiwafunditse chitenje china. Sindinamvepo chisoni ngati chimenecho, ndipo mkwiyo wake ndikadali nawo.

Amalume anafika fumbi lili mbuu, atapachika chikwama paphewa. Atate anawalandira ndi manja awiri n'kuwafotokozera zonse mwaulemu, kuyambira pa chitsa mpaka pa mawu a dokotala. Amalume anamvetsera, kenako anapukusa mutu.

"Aa, alamu! Zoterezi munkadikira ine? Mukanangodula."

M'mawa mwake madokotala anadula mwendo pamwamba pa bondo.