Mlonda Wothawa Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa sinditha kudutsa chikwangwani osachiwerenga. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo zilembo zambiri ndinaziphunzira ndekha pa zitini za nsomba ndi m'manyuzipepala okulungira nyama kubutchala. Chaka chomwe chimfine chachikulu chinalowa m'makomboni a migodi ya ku Gatooma, kumene lero mukuti Kadoma, ndinaima pakhomo pa kiliniki ya mgodi wina ku Eiffel Flats n'kumawerenga mokweza chenjezo loletsa kulavula paliponse. A Sakala, amene ankathandiza dokotala wachizungu, anasuzumira pawindo.

"Kuwerenga ndamva kuti umatha. Nanga kukaniza munthu umatha?"

Ndinavomera msanga. M'mawa mwake ndinali mu ovolosi yoyera yondilekeza m'maondo.

Odwala anali atachuluka moti anatseka holo ya mowa n'kuyalamo mabedi. Mpira, magule ndi kanema wa Loweruka anaziimitsa. Ine m'mawa ndinkasungunula mankhwala opha tizilombo otchedwa pamanganeti m'ndowa mpaka madzi afanane ndi maluwa a jakaranda, kuti aliyense wotsika mumgodi ayambe wachukucha kukhosi n'kulavulira m'ngalande. Kenako ndinkawiritsa makapu, kupopera makoma ndi pampu, ndi kukankha wilibala ya mabulangete kukayanika padzuwa. Kagalasi koyezera kutentha kwa thupi a Sakala sankandilola kukakhudza. Ankati manja anga ndi ogwirira fosholo. Koma ntchito yeniyeni inali pageti la mpanda wa waya wozungulira holoyo, nditamanga kansalu kotchinga mphuno ndi pakamwa. Lamulo linali limodzi: wozonda matenda asalowe.

Kwa ife ochokera ku Nyasalande lamulo limenelo linali lolemera kuposa wilibala. Kusazonda wodwala ndi mlandu umene anthu adzaukumbutsanabe pamaliro ako. Komabe ndinalimba. Ndinabweza akapitawo, ndinabweza akulu a mpingo ndi a mzikiti, ndipo ndinayamba kuyenda ngati mgodiwo ndinaukumba ndine.

Ndiye anadwala a Mbewe, okhoma mitengo pansi pa mgodi, bambo ake a Esinati amene ndinali nditamutomera. Ankhoswe anali atamvana kuti ukwati uchitika ndikapeza nyumba, ndipo mukomboni nyumba ya banja ankapatsa munthu wantchito yekha. Geti limenelo ndiye linali ukwati wanga.

Mawa lake ndinaona a Nabanda, mayi ake a Esinati, akubwera atasenza dengu. Mukudziwa mwambo wathu: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, ndipo akakumana nawo amapatuka m'njira. Miyendo yanga sinadikire kuti mutu uganize. Ndinangozindikira ndanjuta kuseri kwa diramu la madzi. Iwo nawonso anaphimba nkhope ndi nsalu mwaulemu wonse, n'kulowa. Pambuyo pawo panalowa amayi ena amene ndinali nditawabweza m'mawa.

Nkhani inafala kuposa chimfinecho. Anthu anayamba kulawirira kwa a Nabanda kukafunsa kuti, "Kodi lero mupita nthawi yanji kokazonda?" Iwo ankangodabwa kuti anzawo ayamba kuwakonda chotero. Akanyamuka, mzere unkawatsatira ngati anapiye, ndipo ine ndinkawerenga zilembo za pa diramu mpaka ndinaziloweza.

A Sakala anandipeza komweko. "Awiri mwa amayi amene analowa aja ndawagoneka m'holomu lero," anatero. "Lamulungu dokotala abwera kudzayendera. Akapeza wozonda mmodzi yekha, ovolosi uvula pomwepo."

Lamulungulo linafika, ndipo a Nabanda sanabwere okha. Lole ya pafamu ina ya ku Hartley, Chegutu ya lero, inatsitsa amayi a mpingo odzaza, abale awo a odwala, atanyamula madengu, thobwa ndi nyimbo. Onse anafola kumbuyo kwa apongozi anga. Galimoto ya dokotala inali itaima kale kukiliniki.

Ndinakwezera kansalu kanga mpaka m'maso poganiza kuti sandizindikira. Koma matewe anga ankadziwika komboni yonse. Diramu linkandiitana. M'malo mwake ndinatseka geti, ndinagwada pakati penipeni nditawafulatira, ndipo poti kulankhula nawo mwachindunji kunali kosatheka, ndinalankhula ndi mzati wa geti.

"Iwe mzati, uwauze amayi kuti mwana wawo akupepesa, koma lero salowa."

Nyimbo inaduka. Ndinamva dengu likutulidwa pansi, kenako mawu awo akulunjika kwina.

"Iwe dengu, umufunse kuti a Mbewe adya sadza la ndani."

"Mzati, uwauze kuti chakudya ndikapereka ndekha m'manja mwa bambo."

"Dengu, umufunse chifukwa chake masiku onsewa amanditsegulira."

"Mzati, uwauze kuti sindimatsegula. Ndimathawa."

Amayi ena kumbuyoko analephera kupirira, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anzawo anawatalikira pang'ono. Ine ndinapitiriza kuuza mzati kuti matendawa amayenda ndi mpweya wa m'kamwa, ndipo a Nasimango ndi a Nankhoma, amene analowa nawo tsiku loyamba, tsopano ali gone m'holomo.

Msana wanga unkachita kuyabwa.

"Dengu," anatero a Nabanda potsiriza, "umuuze kuti ulemu wake wagoneka anzanga awiri. Akanatuma munthu kudzandiuza, ine ndine mwana? Umuuzenso kuti Esinati sindingamupereke kwa mwamuna wosiya khomo pululu. Adzuke, akatenge mpando."

Ndinabweretsa mpando ndikuyenda cham'mbuyo, ndipo anakhala pageti iwowo. Anauza amayi aja kuti mwezi umenewo aliyense amuyese mnzake mpongozi wake: moni wa patali, nkhope kumbali, osagwirana chanza. Zimene chikwangwani chinalephera kufotokoza, amayiwo anazimva kamodzi. Anaima kunja kwa waya motalikirana, odwala anasuzumira m'mawindo, ndipo nyimbo inayambiranso. Madengu ndinawalowetsa pa wilibala.

Dokotala potuluka anaima, anayang'ana a Nabanda, n'kufunsa a Sakala ngati alemba mlonda wina. A Sakala anati ayi, ameneyo ndi kapitawo wa mlonda.

A Mbewe anachira. Ine chimfine chinandigwira sabata yotsatira, ndipo ndinagona pabedi lomwe iwo anasiya. A Nabanda sanadwale n'komwe, mwina poti ine, amene ndinkakhala ndi odwala tsiku lonse, sindinawayandikirepo. Ankabweretsa phala n'kulisiya patsinde pa mzati, ndi uthenga woti ndimalize lonse. Nyumba ndinapatsidwa mvula isanayambe.

Ndagwira ntchito m'zipatala mpaka imvi, ndipo chimene ndinasunga n'chakuti lamulo lovuta uyambe kulifotokozera munthu amene ukumuopa kwambiri. Ngati sungathe kumuyang'ana kumaso, pezako mzati.