Chingwe cha a Jairos Mbewe

Pa 12 Ogasiti 1958, Lachiwiri masana, a Jairos Mbewe a kufupi ndi Mkaika anagwa padenga koyamba m'moyo wawo. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo zoposa theka la zaka zimenezo anazithera m'mwamba. Linalinso tsiku lawo lachitatu chiyambireni kutsatira malamulo opewera kugwa.

Anayamba ndi kufolera nkhokwe ndi nyumba za udzu kwawo, kenaka zigafa za fodya, mpaka anadzafika pa malata. Ankakwera opanda nsapato, misomali ili pakamwa, ndipo ankati phazi limazindikira phaso lofumbwa diso lisanaone. Anthu a ku Katete ndi ku Sinda anawapatsa dzina lakuti Sagwa. Dzinali ndilo linali munda wawo: wofuna denga ankafunsa kumene kuli Sagwa, ndipo ana asanu ankadya za dzinalo. Akazi awo, a Olipa, ankangodandaula kuti amuna awo amadziwa madenga a dziko lonse, koma la kunyumba likudontha.

Chaka chimenecho kampani ina yomanga inawalemba ntchito yokhoma malata pa shedi yaikulu yosungiramo mtedza ku Sinda. Ntchito ili mkati, kunabwera kalata yochokera kwa eni kampaniyo. Munthu wina anali atagwa kudera lina lakutali, ndipo akuluakuluwo, pomva chisoni, analemba malamulo atatu. Wokwera padenga avale jombo. Amange chingwe m'chiuno. Wokana achotsedwe ntchito tsiku lomwelo. Kalatayo inalembedwa bwino ndithu, kungoti sinanene kumene nsonga inayo ya chingwe iyenera kumangidwa.

Amene anawerengera antchito kalatayo anali kapitao wawo, a Marko Sakala, munthu wa sukulu amene anali asanakwerepo ngakhale pa nkhokwe, popeza ankachita chizungulire.

"Akapitao," anafunsa a Mbewe ali padenga, "kodi ine ndasanduka mbuzi?"

"Mbuzi imamva msanga kuposa inu, a Mbewe. Mangani, apo ayi tsikani muzipita kwanu."

"Chabwino, ndamanga. Nanga kwatsalaku? Ndikolowetse ku mtanda wa pamwambawu?"

A Sakala anayang'ananso kalata ija, kutsogolo ndi kumbuyo. Za mtanda munalibe. Koma chimene ankachidziwa bwino n'chakuti chingwe ndi katundu wa kampani, ndipo katundu wa kampani amayang'anira ndi kapitao. Komanso chingwe chomangidwa m'mwamba, bwana angachione bwanji ali pansi?

"Ponyani kuno, ndigwira ndine. Mukamagwa ndikugwirani."

"Muli pansipo?"

"Nanga munthu amagwera kuti, kumwamba?"

Antchito anaseka mpaka wina anataya misomali. A Mbewe sanaseke. Anaganizira za ana asanu aja, naponya chingwecho pansi.

Kwa masiku awiri anthu opita kumsika ankaima pamsewu kudzaonerera. Sagwa ankayenda chokwawa pa malata, jombo zikuterereka, pamene kapitao ankawatsatira m'mbali mwa khoma ngati munthu wodyetsa ng'ombe ya m'mitambo. Poopa kuti chingwe chingawapulumuke, a Sakala anachikulunga kawiri padzanja. Madzulo a tsiku lachiwiri a Mbewe anauza akazi awo kuti kale ankaopa mphepo ndi phaso lofumbwa, koma tsopano akuopa kapitao.

"Ndiye lekani," anatero a Olipa.

"Ndileke, anthu azinena kuti Sagwa anathawa chingwe?"

Tsiku lachitatu kunatulukira galimoto ya mzungu woyendera ntchito, amene anabwera kudzaona ngati malamulo akutsatidwa. Masiku amenewo kapitao wodziwa ulemu sankadikira kuti galimoto iime. Ankaithamangira chipewa chili m'manja, fumbi lisanakhazikike, ndipo pa zimenezi a Sakala panalibe wowaposa. Anathamanga. Chingwe chinali chikadali padzanja.

A Mbewe anali atakweza nyundo. Chiuno chinakokeka, jombo zinatsetsereka pa lata pamene zala zawo za kuphazi zikanagwira, ndipo anatsika ndi msana mpaka kumapeto kwa denga nagwera pa mulu wa mapaso. Fupa la ntchafu linathyoka.

Bwana uja anafunsa mafunso awiri. Kodi wogwayo anali ndi chingwe m'chiuno? Anali nacho. Nanga jombo? Anavala zonse ziwiri. Analemba kuti malamulo anatsatidwa mokwanira ndi kuti ngoziyo inali tsoka chabe. Anayamikiranso kapitao chifukwa chosataya chingwe mpaka munthu atafika pansi.

Atagona miyezi itatu m'chipatala, a Mbewe anatuluka mwendo wamanzere utafupika. Anayesa makwerero kamodzi, nalekeza pa mtengo wachitatu. Dzina lija silinachoke, popeza dzina silichoka, koma wolitchula ankayang'ana kumbali. Chaka chotsatira a Sakala anakwezedwa n'kutumizidwa kwina, ndipo kampani, posafuna kutaya munthu wokhulupirika, inapezera a Mbewe ntchito yopepuka yogwirizana ndi luso lawo: kugwira chingwe ali pansi.

Lero, mu 1962, adakali pa ntchitoyo. Wokwera aliyense amam'patsa chingwe chachiwiri, chopota okha kunyumba, n'kumuuza kuti akachimange ku mtanda wa pamwamba asanagwire nyundo. Chingwe cha kampani chija amachilendeweretsa monga lamulo lifunira, koma nsonga yake imangogona pamwendo pawo, yosakulunga. Galimoto ikafika amavula chipewa ali chikhalire pampando wawo. Chiyambireni iwo palibe amene wagwa, ndipo eni kampani akuti zimenezi zikusonyeza kuti malamulo aja ndi abwino. Kalata ija sinasinthidwe, ndipo denga la a Olipa anafolera ndi munthu wina.