Chithunzi chanu cha sinowo pakhoma la mkazi wina

Bambo a Tadala, patha chaka chitisiyireni. Dzulo tinali ndi mapemphero a amayi kunyumba kwa mayi wina wakutchalitchi kwathu ku Springburn, kuno kudziko la azungu. Pakhoma pake ndinaona chithunzi chojambula inu: kanjira ka m'nkhalango kokutidwa ndi sinowo, chipale choyera chija, mayiyo ataima pakati, m'khosi muli sikafu imene ndinakulukirani.

Ndakumbuka Loweruka lina mutanyamula penti ndi maburashi, ulendo wokajambula kumapiri. Ine ndinali nditavala kale jekete kuti ndikuperekezeni. Munandigwira masaya n'kunena kuti, "Tsalani, mayi a Tadala, mungadwale ndi kuzizira. Pojambula ndimafuna kukhala ndekha." Ndinakukhulupirirani, mwamuna wanga.

Dzulolo amayi anzanga anandipempha kuti nditseke ndi pemphero, ndipo ndinatsekadi. Koma mawu oti muuse mumtendere, lero akundikanika.