Kompyuta Yomwe Inkasunga Chilomwe cha Bambo

Kompyuta ija inachokera ku ofesi ya esiteti ya tiyi komwe bambo ankagwira ntchito ya ulonda. Itakalamba, mabwana anawapatsa ngati mphatso yopumira ntchito. Inalibe nyimbo, inalibe mafilimu. Achimwene anangoiyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi chibokosi chachabe.

Ine ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikungokhala pakhomo, ndiye ndinkaitokosa. Ndinapeza kuti munali kale chida cholembera mapulogalamu pamodzi ndi malangizo ake, chosafuna intaneti. Umalemba mizere ingapo pa windo lakuda, makina n'kuchita zimene wawauza. Palibe anachiikamo chifukwa cha ine. Chinangobwera nayo, ngati mpini pa khasu.

Chaka chomwecho bambo anadwala sitiroko. Chichewa chinawathawa, anatsala ndi Chilomwe cha ubwana wawo, chimene ife ana sitinkachimva. Mayi anali atamwalira kale. Azakhali atabwera kudzadwazika ankandimasulira, ine n'kumasunga mawuwo m'kapulogalamu kanga. Bambo akalankhula ndinkathamanga kukalemba mmene ndamvera, kapulogalamuko n'kundisakira mawu ofanana nawo ndi tanthauzo lake. Ndi mmene ndinkadziwira kuti akufuna madzi, kapena mwendo ukuwapweteka.

Tsiku lina ndikuchokera kotenga mankhwala ndinapeza achimwene akumwetulira. Anali atatengera kompyuta ija kwa wokonza makompyuta ku Limbuli.

"Ndakukonzera, chemwali. Tsopano ili ngati za anzathu."

Ndinaiyatsa. Zithunzi zokongola, nyimbo mbwee. Windo lakuda lija ndinalisaka mpaka maso kuwawa. M'mawa mwake ndinapalasa njinga kukafunsa wokonzayo.

"Zonse tinafufuta, asisi," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Zatsopanozi sizibwera ndi zolembera mapulogalamu. Munthu wamba azitani nazo? Mukazifuna mukazitenge pa intaneti."

Ngakhale ndikanachipeza chidacho, nanga mawu aja ndikanawatenga kuti? Azakhali anali atabwerera kwawo ku Mozambiki. Achimwene sindinawalankhule mwezi wathunthu, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Bambo sanakhalitse. Masana omaliza anandigwira dzanja n'kumabwereza mawu amodzi, maso ali pa ine. Ndinawapatsa madzi, anakana. Ndinawafunditsa, anakankha bulangeti. Mawuwo ndinali nditawalembapo kale m'kapulogalamu kaja. Ndikukumbuka bwino tsiku lake, azakhali akuseka mmene ndinatchulira mawuwo. Tanthauzo lake ndi limene ndinaiwala.