Chitini cha Maginito a Bambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, msana ukuwawa ndi mphasa. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba pasiwa, pamaliro a bambo, anali atasasa mawu. Kuseri kwa nyumba yathu, kumtunda kwa Ulongwe, moto unali utayaka kale pamafuwa, ndipo adzukulu anali atapita kumanda ndi makasu.

Ndinapeza azakhali, mlongo wawo wa bambo, akuwotha moto, chitini cha bambo chili pamapazi pawo. M'chitinimo munali maginito. Bambo anali okonza mawailesi, koma mtima wawo unali pa timaginito tonyezimira timene ankachotsa m'makompyuta akufa. Kamodzi kolingana ndi chala chachikulu kankanyamula nkhwangwa. Ankati miyala yake ndi yonga ya kuphiri la Kangankunde, ku Balaka pafupi pompa: kunja amaiyenga, n'kuisakaniza ndi chitsulo, n'kupera ngati ufa, n'kuumba, n'kuwotcha, kenako n'kuipatsa mphamvu ndi magetsi. Nkhaniyi ndinaimva mpaka makutu kutopa, koma ntchitoyo ndinaiphunzira.

Ndinasuntha chitinicho msanga, chifukwa maginito otere akatentha amafa.

"Usadzivute, mwanangu," anatero azakhali. "Zimenezi zilowa m'bokosi. Chitsulo choyenda chokha n'chabwino? N'chimene chamuyamwa mchimwene wanga."

Azakhali sanaiwale tsiku limene timaginito tiwiri tinawapana chala mpaka magazi. Pamaliro sakanganirapo. Koma zinandiwawa. Chitinicho chikanalowa m'manda, mudzi wonse ukanati n'zoonadi, bambo ankasunga zithumwa.

Dzuwa linatuluka laukali, ndi mphepo yafumbi. Ndinkayembekezera achibale ndi a mpingo basi, poti bambo anthu ankawatcha wotola zinyalala. Koma kunafika lole yodzaza asodzi a ku Chiuta, kenako eni zigayo a ku Ngokwe, ndi akabaza amene njinga zawo zinadzaza munda wa chinangwa. Nkhope zambiri sindinkazidziwa. Amayi ophika anapita kukabwereka miphika ina kumudzi woyandikana nawo.

Bokosi analiika pansi pa mtengo wa mango. Anthu atatha kuona nkhope, azakhali anaika chitini chija kumapazi kwa bambo. Kalipentala anatulutsa misomali kuti akhomere chivundikiro, koma anthu anali akupanikizana, wina anamugunda chigongono, misomali mbwee ponseponse, yambiri mumchenga. Amuna aulemu wawo anagwada n'kumafufuza ndi zala. Anapeza iwiri yokha. Nyimbo inatha, amayi anayamba ina, katekisiti akungoyang'ana wotchi.

Pamenepo bambo wina wachikulire wa kachipewa koyera anapisa m'thumba n'kutulutsa kamaginito komangirira ku chingwe. Anakayendetsa pamwamba pa mchenga. Misomali inadumpha yokha, ikumveka kuti ta, ta, ta.

"Anandipatsa malemuwa," anatero. "Maginito ena anandiikira pachigayo changa. Chiikireni, msomali sunang'ambenso sefa yanga, iyayi. Ana athu sadya zitsulo mu ufa chifukwa cha bambo awa."

Msodzi wina anakweza kake m'mwamba, nati kanamuvuulira sipanala ya injini pansi pa nyanja. Manja ena anakwera, apa ndi apo, timaginito tikunyezimira padzuwa. Ndinalira, koma kulira kwake kunali kwa munthu wonyadira atate ake.

Azakhali anayang'ana gulu lonselo nthawi yaitali. Kenako anawerama, anatulutsa chitinicho m'bokosi n'kundipatsira m'manja.

"Tenga. Koma usandiyandikize nazo."

Kalipentala anawerenga misomali, anati wasowa umodzi koma yakwana. Anakhoma. Ulendo wa kumanda unali wautali moti akutsogolo anafika akumbuyo asanachoke pakhomo. Asodzi ndi akabaza ankalandizana bokosi ndi achibale, ndipo palibe anawaletsa. Ine ndinayenda pambuyo pa mtanda, chitini nditachimanga m'chitenje.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mphasa zopinda, ndi azakhali akusinza pakhonde. Ndinalowa m'kachipinda kogwiriramo ntchito ka bambo. Wailesi ya munthu inali chitsegulire pathebulo, monga anaisiyira. Nditamasula chitenje ndinamva chinthu chikundibaya. Pansi pa chitini panali patamatira msomali uja kalipentala anausowa.

Ngakhale ali m'bokosi, bambo anali atatola kanthu kawo komaliza. Sindinauchotse.