Mayi Sopo ndi Asilikali Otopa a M'magazi

Tsiku limene mbale yachisanu ndi chiwiri ya kafukufuku wawo inakanika, Mayi Sopo anakhala pampando wa m'labotale n'kuvula magolovesi pang'onopang'ono. Abwana anali atanena kale mosapita m'mbali kuti mwezi ukatha popanda chooneka, ntchitoyo apatsa wina, iwo abwerere kusinki.

Kusinkiko n'kumene dzinali linachokera. Atalephera mayeso kawiri, analowa ntchito yotsuka mabotolo pamalo ofufuzira matenda, ndipo anatha zaka zisanu ndi zitatu manja ali m'thovu. Ankaphunzira Loweruka lililonse mpaka anapeza satifiketi, koma dzina lija linawakakamirabe.

Ntchito yatsopanoyo inali yofufuza khansa ya m'magazi, ija yothamanga, yoyambira m'mafuta a m'mafupa. M'magazi mwathu muli maselo otchedwa T, asilikali osaka ndi kupha maselo oipa. Mayi Sopo ankatenga asilikali a odwala n'kuwaika m'mbale imodzi ndi maselo a khansa kuti aone nkhondo. Nkhondo yake iti? Asilikaliwo ankangoti phee ngati anthu odikira basi. Anzawo a Mayi Sopo pantchitopo ankanong'onezana kuti manja ozolowera sopo ndi amene akuwononga mbale. Mayiwo anakhulupirira, ndipo zinawawawa kwambiri.

Kunyumba anadandaulira amuna awo, telala wosadziwa n'komwe kuti selo n'chiyani. Bambowo, uku akudula ulusi ndi mano, anafunsa ngati asilikaliwo anafa. Mayiwo anati ayi, ali moyo. Anafunsanso kuti akhala nthawi yaitali bwanji pamodzi ndi khansayo m'thupi, ndipo anauzidwa kuti ndi miyezi.

"Ndiye amake mwana, munthu ukamamuuza tsiku ndi tsiku kuti khala pansi, mapeto ake amakhaladi pansi. Tawachotsani kaye pamenepo apume."

Mayiwo anaseka, nati telala wasanduka dokotala. Koma m'mawa mwake sanataye mbale ija. Anapatula asilikali kwa maselo a khansa n'kuwatsuka katatu. Pakutsuka ndiye panalibe wowaposa pantchito ponsepo. Kenako anawaika m'madzi atsopano okhala ndi chakudya chawo, nadikira masiku anayi mtima uli m'malere.

Tsiku lachisanu anawabwezera kwa adani aja. Atasuzumira pa maikulosikopu mawa lake, anaona maselo ambiri a khansa atafota. Si onse, komabe sizinali zokayikitsa. Anabwereza katatu asanauze munthu, poti ngakhale amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, iwo anali atatopa n'kusekedwa.

Abwana ataitanidwa anayang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali, kenako anawongoka.

"Vuto silinali manja anu, mayi. Khansayi imatumizira asilikali uthenga woti asamenye. Tiufufuze uthengawo, ndipo mutsogolera ndinu."

Ndisakunamizeni, mankhwala sanapezeke tsiku limenelo, ulendo ukadalipo wautali. Koma mayiwo kusinki sanabwererenso. Dzina la Mayi Sopo lilipobe, kungoti pano ophunzira amaima pamzere kuti mayiwo awaonetse katsukidwe ka maselo. Telala uja naye amauza aliyense wobwera kudzayesa thalauzi kuti nzeruyo inali yake, ndipo akazi awo samutsutsa.

Inu amene mwauzidwa kambirimbiri kuti malo anu ndi kusinki, mpaka mwayamba kuvomereza, mvetserani. Mwangotopa, simunafe. Talikiranani kaye ndi mawu amenewo, pumani, kenako mubwerere kunkhondo. Musadzitaye.