Tivi Yoyeza ndi Phesi

Chaka chomwe tinagula tivi, nyumba yathu yonse inkanunkha thonje. Linadzaza chipinda mpaka ine ndinkagona choimirira ngati kakowa. Fumbi la kwa Tengani nyengo imeneyo linkalowa paliponse, ngakhale m'dzira losaswa.

Tivi m'mudzi monse inali imodzi, ya khomo loyandikana nafe, ndipo mwana wa pamenepo, Zuze, ndiye ankasankha wolowa. Ine anandithamangitsa mpira uli mkati, ati ndikununkha mbuzi. Ine! Munthu woti ndinasamba dzana lomwelo! Ndinalumbira pamaso pa ana onse kuti ife tigula yoposa yawoyo, yoti ngakhale wa kutali kwa Mbenje azionera ali pakhonde pake.

Thonje litagulitsidwa, mayi anavomera. Bambo ankakhalira kuminda ya nzimbe, ndiye zonse zinali m'manja mwa mayi. Kwathu sitisowa tepi: chitseko, mphasa, phazi la mwana, zonse timayeza ndi phesi la mapira. Ndinanyengerera mlongo wake wa Zuze ndi masawu, iye n'kundiyezera tivi yawo. Phesi limenelo ndinalinyamula pa kabaza ngati ndodo ya bishopu mpaka pa boma.

Musitolo ndinathamangira chitivi chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Mayi sanachiyang'ane n'komwe. Anafunsa wogulitsa ngati ilipo yoyaka ndi kasola kathu, yosaopa fumbi, yosafuna mmisiri mwezi ndi mwezi. Atawalozera ina, anaika nkhata pamutu n'kuisenza, n'kuyenda nayo sitolo yonse anthu akuseka. Ine ndinafa, ndinaikidwa, ndinadzukanso.

Nditaiyeza, phesi linatsala chikhatho chathunthu.

"Mama, iyi nkhabe, sindikuifuna! Zuze andiseka mpaka ndidzamere imvi!"

"Tabwera nalo kuno."

Anathyola phesilo, thyo! N'kuliikanso pagalasi.

"Waona? Yathu yapitirira. Tiye tizipita."

Ndinalira njira yonse, misozi yokwana kuthirira dimba. Koma titafika ndinaitana ana onse, n'kuwaonetsa phesi la kwa Zuze likulephera kufika kumapeto kwa tivi yathu. Mlongo wake anayang'ana phesi, anayang'ana ine. Masawu anali akadali m'mimba, ndiye sanandiulule. Zuze ndinamulola kulowa, koma atakasamba kaye.

Nthawi imeneyo ndinkati mayi ndi oumira, ndipo anandichititsa manyazi dala. Pano ndamaliza folomu folo, ndaonapo Shire akulowa m'nyumba mwathu osaodira, bambo kulibe, mayi atabereka mng'ono wanga kumsana, mutu uli umodzi womwewo wosenzera katundu pothawa. Iwo ankayeza ndi khosi lawo, ine ndi phesi. Koma aliyense wondifunsa, mpaka lero ndimamuuza kuti yathu inali yaikulu, ndipo wotsutsa abwere ndi phesi lake.